Likhweru la Achimwene

Mukadzafika ku dambo la Namisale, chimene adzayambe kukuuzani padoko si za ng'ona kapena za mvuu. Adzakuuzani kuti dzina lanu mulisiye kumtunda. M'bango muja munthu saitanidwa ndi dzina. Aliyense wobadwira kumeneko ali ndi likhweru lake, limene bambo ake amam'patsa tsiku loyamba kukwera bwato, ndipo likhwerulo ndilo dzina lake la pamadzi. Ukam'funa mnzako umaimba likhweru lake, iye amayankha ndi lako, kenako amalondola kumene mawu achokera. Koma suimba mobwerezabwereza ngati ukuitana galu. Umaimba kamodzi, n'kudikira. Mukafunsa chifukwa chake, ena amati phokoso limathawitsa mbalame, ena amati bango limapotoza mawu. Okalamba a kumeneko amangoyang'ana kumadzi n'kunena kuti, "Dambo lili ndi makutu, koma pakamwa lilibe. Usalibwereke pako."

Esinala ankazidziwa zonsezi, pakuti anabadwira pomwepo. Anali mtsikana wosayankhulayankhula, wa maso oyang'anitsitsa, amene pamsonkhano ankasankha mpando wa kumbuyo. Atamaliza maphunziro a zachilengedwe kukoleji anabwerera kwawo, n'kupeza dambo lija litasanduka malo otetezedwa. Misampha inali italetsedwa, ndipo amuna amene kale ankatchera mbalame monga nadititi ndi chipweyo tsopano ankayendetsa alendo pabwato kukaziona zili zamoyo. Esinala anapatsidwa kamera, kachipangizo kojambulira mawu, ndi ntchito imodzi: kujambula mbalame iliyonse ya m'dambomo, maonekedwe ake ndi kulira kwake.

Wom'yendetsa pabwato anali mchimwene wake wamkulu, Sipiliyano. Makolo awo anali atatsikira kulichete, ndipo Esinala ankakhala pakhomo pa mchimwene wakeyo pamodzi ndi mlamu wake Nelesi. Awiriwa panali nkhani imene inawamanga. Ali wamng'ono, Esinala anasochera m'bango akutsata maluwa a kakombo. Anaima tsiku lonse madzi ali m'chifuwa, kuimba likhweru la mchimwene wake n'kudikira, monga anaphunzitsidwira. Mtsikanayu ali ndi mpata pamano akutsogolo, motero akaimba likhweru limathera ndi kamphepo, ngati tayala la njinga likuphwa. Kamphepo kameneko ndiko Sipiliyano anakazindikira pakati pa kulira kwa mbalame zambirimbiri, mpaka anam'peza.

"Iwe ukaimba, ine ndikubwera," ankatero Sipiliyano akukankha bwato ndi nsungwi yake yaitali. "Ngakhale ndili pakati pa Misa. Ngakhale ndili m'chimbudzi."

"Achimwene inunso!"

"Ndikunama? Kaimbidwe kako kophwa kaja ndingakazindikire ndili m'manda."

M'mawa uliwonse, chifunga chisanachoke pamadzi, ankalowa m'tinjira ta pakati pa bango. Akakowa ankaima mbee m'mphepete, atsekwe ankadutsa pamwamba akudandaula ngati amayi ochedwa kumsika, ndipo achipweyo ankaimba malikhweru awo osatopa. Esinala anajambula zonsezi. Anajambula vuwo atayasama, nkhwazi itagwira mlamba, mphipi ikuyanika mapiko pachitsa. Inatsala imodzi yokha, imene anthu a kumeneko amaitcha namabisala. Imalira mkatikati mwa udzu wa njedza, kulira kotsika ngati munthu akuuzira m'botolo, koma poyera siituluka. Palibe anali ndi chithunzi chake.

"Mbalame imeneyo ndi iwe ndinu pachibale," ankamunyogodola Sipiliyano. "Nonse mukamva mlendo mumathawira kuchipinda."

Pakati pa dambolo panali kachisakasa ka udzu kokwezeka pamitengo, kobisalamo ojambula. M'mawa wina Sipiliyano anam'siya mlongo wake m'menemo, ndipo namabisala inalira pafupi kwambiri. Esinala anatchera kachipangizo kake, anaugwira mpweya, n'kujambula kulirako bwinobwino. Mbalame itakhala chete, mtima wake uli dyokodyoko ndi chimwemwe, anaimba likhweru la mchimwene wake kuti abwere adzamve. Sanazindikire kuti kachipangizo kaja kanali kakujambulabe.

Ojambula mbalame ali ndi njira yawo yotulutsira mbalame yamanyazi. Amaika kulira kwake m'kasipika kakang'ono, n'kukamangirira pabango kuti kazilira kokha mobwereza. Mbalame imaganiza kuti inzake yalowa m'dera lake, ndiye imatuluka kudzaona. Esinala anachita chomwecho, osamvetsera kaye zonse zimene anajambula. Posafuna kuti Sipiliyano amuseke ngati zikanika, sanayatse kasipikako mpaka atakamangirira pabango tsidya lina la thamanda, moyang'anana ndi kachisakasa. Anakasindikiza, kagetsi kake kofiira kanayaka kusonyeza kuti kayamba kulira pakapita mphindi zingapo, ndipo anam'fulumizitsa mchimwene wake kuti am'tule m'kachisakasa achoke msanga, pakuti kumtunda kunali alendo odikira bwato.

Bwato litazimiririka m'bango, Esinala anakhazika kamera n'kumvetsera. Kulira kwa namabisala kunamveka bwino, kotsika, kotalika. Kenako panadutsa kanthawi ka chete. Kenako, tsidya lija, kunamveka likhweru la Sipiliyano, lothera ndi kamphepo.

Esinala anakazindikira kamphepoko. Anali iye mwini, akuitana mchimwene wake kuchokera pamalo pamene iye panalibe. Asanaganize chochita, namabisala inaliranso, chete uja, likhweru lija. Pakati pa iye ndi kasipika panali madzi akuda, akuya, odutsamo ng'ona. Bwato panalibe. Anafuna kukuwa, koma akuwa dzina la yani m'dambo? Anangokhala pansi, manja ali kukamwa, akumva pakamwa pake pakuitana, kuitana, kuitananso, popanda mpweya wa munthu kumbuyo kwake. Kuti asapenge, anayamba kujambula chilichonse chimene chinali patsogolo pake.

Dzuwa linali litafika pamutu pamene Sipiliyano anatulukira, thukuta lili chuchuchu. Mphepo inali ikuwomba molowera mkati mwa dambo, ndiye kumtunda likhwerulo linam'fika mochedwa. Anayang'ana mlongo wake m'kachisakasa, milomo yake ili yotseka, n'kuyang'ana tsidya kumene likhweru linkachokera.

"Tsopano muli awiri?" anafunsa, n'kuseka. "Mmodzi yemwe ndikulephera kum'dyetsa."

"Achimwene, tiyeni tikazimitse. Chonde, fulumirani."

Ali pakati pa thamanda, kasipika kanasiya kulira. Sikanathe pang'onopang'ono ngati batire ikutha. Kanadukiza pakati pa likhweru, ngati munthu wagwidwa pakamwa. Atafika pabango lija anapeza chingwe chilipo. Sichinaduke, sichinatafunidwe. Mfundo imene Esinala anamanga inali itamasulidwa bwinobwino, chingwecho n'kukulungidwa pabango mwaudongo. Kasipika panalibe.

"Mwina mphipi yameza," anatero Sipiliyano. "Mawa timva mphipi ikundiitana." Anasekanso, koma ulendo wobwerera anakankha bwato osayang'ana m'mbuyo mpaka padoko.

Nelesi anali akusenda chinangwa pakhonde pamene anamva nkhaniyo. Mpeni unaima.

"Kanalira kangati?"

"Sindinawerenge, alamu."

"Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu?"

Esinala anagwedeza mutu movomera.

"Ndiye mwaliphunzitsatu ngati mwana wa sitandade wani," anatero Nelesi motsitsa mawu. "Bwerezani pambuyo panga, bwerezani pambuyo panga."

"Iwe Nelesi, usamuopseze mwana," anatero Sipiliyano. "Ndi kachitsulo chabe. Kagwera m'madzi, kafa."

"Kagwera m'madzi katamasula kokha mfundo? Bambo, ine sindinabadwe dzulo."

Madzulo amenewo Esinala anatsegula zithunzi zimene anajambula ali m'kachisakasa. Zoyambirira zinali zabwinobwino: akakowa akusaka tinsomba, nadititi akuyenda pamasamba a kakombo. Koma akupita patsogolo anaona kuti mbalame zasiya kudya. Zonse, zazikulu ndi zazing'ono, zinali zitatembenuzira mitu kumalo amodzi. Sipanali pakasipika. Panali chakumanzere pang'ono, munsi, pamene bango limakumana ndi madzi. Anakulitsa chithunzicho mpaka chinasanduka madontho. Panalibe kanthu, koma bango pamalopo linali litapindika ngati pamene pagwada munthu. M'chithunzi chilichonse chotsatira, kupindikako kunali kutasendera pafupi ndi kasipika. M'chomalizira munalibe mbalame ngakhale imodzi.

Sanaonetse munthu. Anatseka kamera n'kuiika pansi pa bedi.

Panadutsa masiku popanda chachilendo, mpaka Sipiliyano anayamba kumunena mkazi wake kuti ndi mneneri wopanda mpingo. Ndiye tsiku lina masana, Esinala akuchokera ku ofesi ya malo otetezedwawo, anakumana ndi mayi panjira yodutsa m'mphepete mwa dambo. Dzuwa linali likuswa mtengo, fumbi lili koboo, koma chitenje cha mayiyo chinali chonyowa mpaka m'chiuno, chikudontha. Anali atasenza mtolo waukulu wa udzu wa mlulu umene unalendewera kumaso, moti ankaoneka kuyambira pamphuno kutsika. Esinala anapatuka, anawerama pang'ono.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Mayiyo anaima. Milomo yake inali itasongoka, ikutulutsa mpweya wokhawokha, fuu, fuu, monga amachitira mwana amene akuphunzira likhweru. Anasiya, anapendeketsa mutu ngati akudikira kuti amukonze. Kenako anayambanso, fuu, fuu.

Esinala anapitiriza ulendo osathamanga. Atafika pamtengo wa mango anacheuka. Panjira panalibe munthu. Pafumbi panali madontho a madzi, ochokera kubango n'kubwereranso kubango.

M'mawa mwake, Sipiliyano akusukusula kuseri kwa nyumba ndipo Esinala akusesa pabwalo, kudambo kunamveka likhweru. Linali loipa, losweka, ngati la mwana amene mano angoguluka kumene. Koma nyimbo yake inali yodziwika: inali ya Sipiliyano. Kapu inagwa m'manja mwa Sipiliyano, ndipo anali ataponya kale mapazi awiri kulowera kudoko asanatembenuke n'kuona mlongo wake ataima ndi tsache.

Anayang'anana.

"Ndi chipweyo chimenecho," anatero Sipiliyano. "Chadwala chimfine."

Palibe anaseka.

Kuyambira pamenepo linkamveka m'mawa uliwonse chifunga chikadalipo, kamodzi kokha, kenako chete, monga mwa mwambo. Ndipo tsiku lililonse linkakhala bwinoko kuposa dzulo lake. Kusweka kuja kunatha. Kukwera ndi kutsika kwake kunakhala m'malo. Anzake a Sipiliyano oyendetsa mabwato anayamba kupeza zifukwa zosalowera m'dambo: wina msana, wina maliro kuchikazi. Alendo ankafika ndi makamera awo akuluakulu n'kubwerera okhumudwa, chifukwa mbalame zinali zikuchepa. Atsekwe anasamuka. Akakowa anatsala owerengeka, oima duu osasaka. Achipweyo, amene malikhweru awo ndiwo anali mawu a dambo kuyambira kalekale, analipo ndithu, koma anasiya kuimba. Ankangoyandama m'magulu, milomo ili yotseka, ngati anthu amene auzidwa kuti wamkulu akuyankhula.

Anayesa zimene anthu amayesa. Akumpingo anabwera kudzapemphera padoko, nawaza madzi odalitsa. Amalume awo anakathira ufa patsinde pa mtengo wa mvunguti osauza akumpingowo. M'mawa mwake likhweru linalira monga mwa masiku onse.

Ndiye linafika tsiku limene linathera ndi kamphepo.

Esinala analimva ali pamphasa, ndipo anagwira milomo yake kuti atsimikize kuti si iye. Panja panamveka chitseko, kenako mapazi a Nelesi akuthamanga. Atafika padoko anapeza Nelesi atakakamira malaya a mwamuna wake, mwendo umodzi wa Sipiliyano uli kale m'bwato.

"Ali apa! Tayang'anani, mlongo wanu ali apa! Mukupita kwa yani?"

Sipiliyano anayang'ana Esinala nthawi yaitali, ngati munthu wodzutsidwa pakati pa maloto. Anatulutsa mwendo m'bwato n'kukhala pansi pamatope. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Mutu ukudziwa," anatero. "Koma likalira, miyendo simafunsa mutu."

Esinala anagwada pafupi naye. Sanali munthu wa mawu ambiri, koma tsiku limenelo anawasanja.

"Achimwene, mverani. Ine sindidzaimbanso likhweru lanu. Kuyambira lero, chilichonse mungamve kumadziko, si ine."

"Nanga tsiku limene udzakhale iwe?"

"Silidzafika."

"Uli mwana unkatinso sungasochere."

Madzulo, Sipiliyano atapita kukamanga mbuzi, Nelesi anakhala pafupi ndi mlamu wake pakhonde. Sanakalipe. Kukalipa kukanakhala kopepuka.

"Alamu, sindikukuthamangitsani. Pano ndi panu kuposa ine. Koma pitani kutauni, kwa anzanu a kusukulu aja. Akadziwa kuti muli kutali, kumene kulibe bango, mwina miyendo yawo idzamvera. Mukakhala pano, tsiku lina mudzapita kuchigayo osatsanzika, lidzalira, ndipo ine ndidzakhala nditapita kotunga madzi."

Esinala anavomera. Analongedza zovala ndi kamera m'chikwama. Anapangana ndi a Makwinja, a njinga ya kabaza, kuti adzam'peze pamtengo wa mango uja m'mamawa, akam'tule kumsewu waukulu. Anatsanzikana usiku womwewo, ndipo Sipiliyano anayesa kuseka.

"Ukafika kumeneko ukatseketse mpata wa manowo. Watisautsa."

Kunacha ndi chifunga chimene anthu a ku Namisale amachikumbukirabe. Munthu ukatambasula dzanja, zala sumaziona bwino. Esinala anatuluka mwakachetechete, chikwama kumsana, n'kutsata njira ya m'mphepete mwa dambo. Kunali zii, popanda chule, popanda tambala. Atayandikira mtengo wa mango anamva kulira kotsika, ngati munthu akuuzira m'botolo. Namabisala. Kenako chete uja amene ankamudziwa bwino. Anaima, akudikira likhweru. Silinabwere. M'malo mwake, munsi mwa njira, pachitsotso cha udzu chotalikirana ndi iye ngati kuchokera pakhonde kufika pankhokwe, kagetsi kofiira kanali kakuphethira.

Batire ya kasipika kaja sikanatha kukhala ndi moto mpaka tsiku limenelo. Esinala ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti chimene chinkaimba masiku onsewa sichinali kasipika. Koma mtima wa munthu wolakwa umafuna chinthu choti ugwire ndi manja. Anaganiza kuti: ndinabwereketsa ndine, ndikalanda ndine. Ndikakatenga n'kukaphwanya ndi mwala, mwina zithera pomwepo, ndipo achimwene adzagona tulo.

Anatula chikwama panjira, anavula nsapato, n'kutsika.

Madzi anali m'akakolo. Kagetsi kanali pomwepo, patsogolo pang'ono. Madzi anafika m'mawondo. Anatambasula dzanja, koma chitsotso chija chinali chisanafike. Chifunga chimanamiza maso. Analowa pakati pa bango, kagetsi kakuphethira kuseri kwa mapesi, pafupi, pafupi ndithu. Madzi atafika m'chiuno, kagetsi kanazima.

Anatembenuka. Kumbuyo kunali bango, kutsogolo bango, kumwamba kuli mbuu. Njira imene anadzera inali itatsekeka. Ndipo chapafupi, kumanzere kwake, munsi, china chake chinapuma mpweya wautali, monga amachitira munthu akafuna kuimba.

Likhweru linalira pambali pa khutu lake. Linali la Sipiliyano, m'kaimbidwe ka Esinala ndendende, mpaka kamphepo.

Esinala sanakuwe. Analuma mlomo mpaka anamva magazi. Ankadziwa kuti akangoimba yekha kuti apulumuke, mchimwene wake abwera, ndipo anali atalonjeza. Anatseka maso n'kuima chilili, madzi akumuzizira m'mafupa, akudziuza kuti: achimwene akudziwa kuti ndapita. Akudziwa kuti ndili panjinga. Sabwera.

Sankadziwa kuti a Makwinja anali atafika pamtengo wa mango. Anaimba belu, anadikira, kenako anaona chikwama ndi nsapato zili panjira, moyang'ana kumadzi. Munthu wabwino, anazinyamula n'kupalasa mpaka pakhomo pa Sipiliyano.

"Odi kuno! Katundu ndam'peza, koma mwini wake palibe. Nsapato zake izi."

Akuti Sipiliyano anazilandira nsapatozo, anaziyang'ana, n'kuziika pansi mosamala. Nthawi yomweyo likhweru linalira kudambo. Nelesi anam'gwira m'chiuno ndi manja onse awiri.

"Si iwo! Bambo, anakuuzani okha kuti si iwo!"

"Lero ndi iye," anatero Sipiliyano. Anamasula zala za mkazi wake chimodzi chimodzi, osakalipa. "Ngakhale asakhale iye woimbayo, ali m'menemo. Undiuze ndikhale pakhonde?"

Chifunga chitayamba kupepuka, Esinala anaona nsonga ya mtengo wa mango, pafupi kwambiri moti anachita manyazi. Anali ataima malo osatalikirana n'komwe ndi njira. Anatuluka m'madzi akukwawa, matope thupi lonse. Chikwama panalibe. Anathamanga wopanda nsapato, ndipo asanafike kunyumba anaona anthu ataunjikana padoko, Nelesi atakhala pansi miyendo ili tambalale, malo a bwato la Sipiliyano ali pululu.

Nelesi anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Sanalire. Anangoti, "Mwabwera."

Kutali, mkati mwa dambo, kunamveka likhweru lina. Linali la Esinala, dzina lake la pamadzi, loimbidwa ndi chifuwa chodzaza cha mchimwene wake, lokwera kumapeto monga ankachitira pomuseka. Sipiliyano anali akumuitana.

Lonjezo linathera pomwepo. Esinala anathamangira kumapeto kwa doko, ananyowetsa milomo, n'kuimba likhweru la mchimwene wake ndi mphamvu zake zonse. Koma milomo inali yotupa ndi kuluma kuja, ikunjenjemera ndi kuzizira. Chimene chinatuluka chinali chosweka, choipa, ngati cha mwana amene akuphunzira.

Ndipo mkati mwa bango, kutsogolo kwa Sipiliyano, linalira lina. Losalala, lokhazikika, lothera ndi kamphepo.

Sipiliyano anayankha. Anayankha la mkatilo.

Esinala anaimbanso. Anthu a padoko anaiwala mwambo, ena anayamba kuimba nawo, a Makwinja anafika pokuwa dzina lenileni, "Sipiliyano! Bwerera! Ali kuno!" Bango linameza zonsezo. Chimene ankamva chinali awiri aja akuyankhana, wina kuitana, wina kuyankha, ulendo uliwonse motalikirako. Sipiliyano, amene moyo wake wonse sanaimbepo likhweru kawiri motsatizana, tsopano ankaimba la mlongo wake mosalekeza, kubwereza, kubwereza, ngati munthu amene akuona kuti watsala pang'ono kufika. Anaimba mpaka dzuwa linakwera. Kenako mawu ake anachepa ngati udzudzu. Kenako sanamvekenso.

Amuna analowa ndi mabwato, atamangirirana zingwe. Anafufuza tsiku limenelo ndi masiku otsatira. Bwato analipeza pathamanda lija, moyang'anana ndi kachisakasa, litamangidwa bwinobwino pabango. Nsungwi inali itagonekedwa m'litali mwake. Munalibe madzi, munalibe magazi, munalibe chizindikiro cha ng'ona. Pampando pamene Esinala ankakhala panali kasipika kaja, kotsukidwa, kouma, koikidwa pakati penipeni, monga amabwezera chinthu munthu waulemu akathana nacho.

Anaika maliro a nthochi, thunthu lokulungidwa m'nsalu m'malo mwa munthu. Ku Namisale munthu akamwalira likhweru lake limaikidwa naye, palibe amaliimbanso. La Sipiliyano silinavute kuika. Kuyambira tsiku limene analowa m'bango, silinamvekenso kudambo ngakhale kamodzi.

Kutauni Esinala sanapite. Nelesi sanamuuzenso kuti apite, ndipo sanam'nenepo mawu oipa. Mwina zikanakhala bwino akanam'nena. Ankakhala awiri m'nyumba muja, kudya osayang'anana. Mbalame zinayamba kubwerera pang'onopang'ono. Achipweyo anayambanso kuimba. Anthu anati zatha, dambo latenga chimene linkafuna.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina wa chifunga, linalira likhweru la Esinala.

Ulendo uno silinayambe ndi kusweka. Linali litaphunzitsidwa bwino, m'mawa wonse uja, ndi Sipiliyano wa chifuwa chodzaza. Linakwera kumapeto, moseka.

Mpaka lero limalira, kamodzi m'mawa, kenako chete. Mukadzalawirira padoko la Namisale mudzaona akazi awiri atakhala pabwato lovundikira. Wina ali ndi kamera pamiyendo, chivundikiro chake chosatsegula. Winayo wam'gwira padzanja, ndipo sam'siya ngakhale pofuna kukonza mpango. Oyendetsa mabwato amanena kuti tsiku lina namabisala inatuluka poyera, n'kuima pamatope patsogolo pawo penipeni, mbalame imene palibe anaijambulapo. Esinala anaiyang'ana ngati akuyang'ana nkhuku. Makutu ake anali kwina.

Likalira, Nelesi amalimbitsa dzanja.

"Si iwo, alamu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukumvetseranji?"

Esinala amayang'ana kubango, milomo ikusongoka pang'ono yokha n'kubwereranso. Kenako amafunsa motsitsa:

"Nanga tsiku limene adzakhale iwo?"